Kukula kwa Khanda: Kuyambira Kulimba Khosi Kufikira Kuyenda

Amayi ndi abambo, tsiku limene mwana wanu adzaponya phazi loyamba popanda womugwira lidzakhala tsiku la chimwemwe pabanja panu. Koma tsikulo silifika mwadzidzidzi. Mwana asanayende amayamba walimba khosi, kenaka amatembenuka, amakhala pansi, amakwawa, ndipo amaimirira chogwirira. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi nyengo yake. Kholo lodziwa nyengozi silida nkhawa pachabe likaona mwana wa mnzake atayamba kuyenda wake asanayambe. Silikhalanso chete pamene mwana wake wachedwa kopitirira muyeso. Phunziro lino likuthandizani kusiyanitsa kuchedwa kumene kulibe vuto ndi kuchedwa kofunika kuthamangira nako kuchipatala.

MPHAMVU ZIMAYAMBIRA KUMUTU

Chimene chimayendetsa manja ndi miyendo ya mwana ndi ubongo. Ubongo umatumiza uthenga ku minofu kudzera m'mitsempha, ndipo minofuyo imachita zimene yauzidwa. Pamene mwana akubadwa, ntchito yolumikiza ubongo ndi minofu imakhala isanathe. M'chaka choyamba chokha ubongo wa mwana umakula pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo mitsempha imakhwima pang'onopang'ono motsata dongosolo lake.

Dongosololi limayambira kumutu kutsikira kumapazi. N'chifukwa chake mwana amayamba kulamulira khosi, kenaka mapewa ndi msana, kenaka chiuno, ndipo miyendo imabwera pomalizira. Limayambiranso pakati pa thupi kupita kunsonga: mwana amayamba kuponya mkono wonse, pambuyo pake amagwira ndi chikhatho, ndipo patsogolo pake ndi pamene amatola kanthu ndi zala ziwiri. Womanga nyumba sayamba ndi denga. Chimodzimodzinso mwana amene sanalimbe msana sangafulumizidwe kuyenda, ngakhale mutamuimiritsa tsiku lonse.

KUYAMBIRA POBADWA KUFIKIRA MIYEZI 3

Khanda longobadwa kumene limapinda manja ndi miyendo, ndipo limakhala lofumbata. Mukaika chala chanu m'dzanja lake limachigwira zolimba. Likamva phokoso limadzidzimuka n'kutambasula manja. Mukaliimiritsa mapazi atakhudza pansi limaponya miyendo ngati likufuna kuyenda. Zonsezi khanda silichita mwadala. Ndi zobadwa nazo, ndipo zimazimirira zokha m'miyezi yoyambirira kuti zipereke malo ku mayendedwe amene mwana adzachita mwa kufuna kwake.

Pa nyengo imeneyi khosi limakhala losalimba, choncho chirikizani mutu nthawi zonse pomunyamula, pomusambitsa ndi pomubereka. Akakwanitsa miyezi 2, mwana wogonekedwa chafufumimba amadzutsa mutu kwa kanthawi. Pofika miyezi 3 amadzutsa mutu ndi chifuwa atatsamira pa mikono yake, amayamba kufumbatula manja, amawayang'anitsitsa ndi kuwaika kukamwa.

MIYEZI 4 KUFIKIRA 6

Pa miyezi 4 khosi limakhala litalimba, ndipo mukamunyamula choimirira mutu sugweranso kumbuyo. Mwana amayamba kutambasula dzanja kuti agwire chimene waona: mkanda wa amayi ake, ndevu za abambo ake, kapena chipande chimene mwamuonetsa. Amaphunzira kudzigudubuza, kawirikawiri kuchoka chafufumimba kupita chagada poyamba, kenaka kubwerera. Akamayandikira miyezi 6 amakhala pansi mukamuchirikiza, kapena amadzichirikiza yekha ndi manja ake kutsogolo. Mukamuimiritsa pamiyendo panu amaponda mwamphamvu ndi kudumphadumpha.

MIYEZI 7 KUFIKIRA 9

Iyi ndi nyengo imene ana ambiri amakhala pansi okha popanda chowachirikiza, manja ali omasuka kuseweretsa zinthu. Mwana amasuntha chinthu kuchichotsa m'dzanja limodzi kuchiika m'dzanja lina, amamenyetsa chikho pansi, ndipo chilichonse chimene wagwira chimapita kukamwa. Ambiri amayamba kusuntha: ena amadzikoka ndi mimba, ena amakwawa ndi manja ndi maondo, ena amayamba ndi kubwerera m'mbuyo. Ena amagwira mwendo wa mpando kapena chitenje cha amayi awo n'kudzikokera m'mwamba kufikira ataimirira.

MIYEZI 10 KUFIKIRA 12

Tsopano mwana amayenda chogwirira khoma, bedi kapena dzanja lanu. Amatha kusiya chogwiriracho n'kuima yekha kwa kamphindi asanakhale pansi. Zala zake zimachenjera: amatola kachidutswa ka nsima kapena ka nthochi ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Amaomba m'manja, amaloza chimene akufuna, amaika zinthu m'chitini n'kuzitulutsanso. Ena amayamba kuyenda okha asanakwanitse chaka, koma ambiri amayamba chaka chikamakwana kapena chitapitirira pang'ono.

CHAKA CHIMODZI KUFIKIRA MIYEZI 18

Mwana woyamba kumene kuyenda amadzandira, miyendo ili motalikirana ndi manja ali m'mwamba, ndipo amagwa kawirikawiri. Kugwa kotere ndi mbali ya kuphunzira. Pakapita miyezi yochepa amayenda molimba, amawerama kutola chinthu popanda kugwa, amakwera pakhonde, amamwa ndi kapu yekha ndipo amayesa kudya ndi supuni. Pofika miyezi 18 pafupifupi mwana aliyense wathanzi amakhala atayamba kuyenda yekha.

ANA SAFANANA

Miyezi imene tatchulayi ndi chitsogozo chabe, pakuti mwana aliyense ali ndi liwiro lake. M'chaka cha 2006 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana 816 athanzi a m'maiko asanu: Ghana, India, Norway, Oman ndi United States. Anawa ankayenderedwa m'makomo mwao kuti aonedwe nthawi imene ayambira kuchita zinthu zisanu ndi chimodzi. Zimene anapeza, powerengera pafupifupi, ndi izi:

Kukhala pansi popanda chochirikiza: kuyambira miyezi 4 kufikira 9.
Kuimirira chogwirira: kuyambira miyezi 5 kufikira 11.
Kukwawa ndi manja ndi maondo: kuyambira miyezi 5 kufikira 13 ndi theka.
Kuyenda chogwirira: kuyambira miyezi 6 kufikira 14.
Kuima yekha: kuyambira miyezi 7 kufikira 17.
Kuyenda yekha: kuyambira miyezi 8 kufikira 18.

Taonani kutalika kwa nyengozi. Mwana woyenda pa miyezi 9 ndi mnzake woyenda pa miyezi 16 onse ali bwino, ndipo kufulumira kuyenda sikutanthauza kuti mwanayo adzaposa mnzake nzeru. Kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti ana pafupifupi 4 mwa ana 100 aliwonse sanakwawe konse ndi manja ndi maondo. Ana otere ena amakhwekhwereza matako, ena amangochoka pa kukhala n'kuyamba kuimirira. Mwana wosakwawa amene akukhala bwino, akugwiritsa ntchito manja onse awiri ndipo akuponda mwamphamvu asakudetseni nkhawa.

Ngati mwana wanu anabadwa masiku asanakwane, chotserani miyezi imene inatsala powerengera. Mwana amene anabadwa kutatsala miyezi 2, akakwanitsa miyezi 8 muyembekezere kuti azichita za mwana wa miyezi 6. Werengerani chotere kufikira atakwanitsa zaka 2.

MMENE MUNGAMUTHANDIZIRE MWANA WANU

Choyamba ndi chakudya. Ubongo ndi minofu sizingakule popanda zomangira. Yamwitsani mwana mkaka wa m'mawere wokhawokha kwa miyezi 6 yoyamba, osamupatsa madzi, phala kapena mankhwala a zitsamba. Akakwanitsa miyezi 6 yambani kumupatsa phala lolimbirako la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira, ufa wa usipa, soya, masamba osinja kapena kamafuta pang'ono, pamodzi ndi zipatso monga nthochi, papaya ndi mango. Pitirizani kuyamwitsa kufikira zaka 2 kapena kupitirira apo. Phala lamadzimadzi la ufa woyera limadzaza mimba koma silimanga thupi. Mwana wonyentchera kapena wochepa magazi amakhala wofooka, sakonda kusewera, ndipo amachedwa kukhala ndi kuyenda.

Chachiwiri ndi malo osewerera. Kubereka mwana kumbuyo ndi mwambo wabwino: mwana amamva kufunda, amakhala pafupi ndi bere, ndipo amatetezeka pamene amayi ali pa ntchito. Koma mwana wokhala mu mbereko kuyambira m'mawa mpaka madzulo sapeza mpata woponya miyendo ndi kudzigudubuza. Malangizo a WHO a m'chaka cha 2019 amati khanda lisakhale lomangika malo amodzi kopitirira ola limodzi pa nthawi, ndipo kuberekedwa kumbuyo kuli m'gulu lomwelo. Choncho mukapeza mpata, kumunda kapena pakhomo, yalani mphasa pa mthunzi, mumutsitse mwana atambasule thupi.

Chachitatu ndi kumugoneka chafufumimba pamene ali maso. Malangizo omwewo amati khanda limene silinayambe kusuntha lizikhala chafufumimba mphindi zosachepera 30 pa tsiku, mozigawa pang'onopang'ono. Yambani m'masabata oyambirira pomugoneka pachifuwa panu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenaka pamphasa inu muli pomwepo. Kagonedwe kameneka kamalimbitsa khosi, mapewa ndi msana. Koma zindikirani bwino: nthawi ya tulo mwana azigona chagada, pamalo osawofoka, nkhope isanaphimbidwe. Chafufumimba ndi cha masewera okha, ndipo wamkulu azikhala akumuyang'ana.

Chachinayi ndi kusewera naye. Simufunika zidole za m'sitolo. Chitini chotsekedwa zolimba chokhala ndi timiyala m'kati, mpira wa nsanza, chikho, chipande ndi zitsononkho zoyera n'zokwanira. Ikani choseweretsa patali pang'ono kuti mwana adzivute kuchifikira. Muyankhuleni, muimbireni, ndipo muombereni m'manja akayesa chinthu chatsopano. Ntchito imeneyi si ya amayi okha. Abambo, agogo ndi abale ake a mwanayo onse ali ndi gawo lao.

Ambiri amakhazika mwana m'beseni kapena pakati pa nsalu zopinda kuti aphunzire kukhala. Palibe choipa ngati khosi lalimba kale, ngati ndi kwa kanthawi kochepa, ndiponso ngati wamkulu ali pafupi. Kumuimiritsa pamiyendo panu kuti adumphedumphe sikuyambitsa matewe. Koma pewani timipando ta mateyala timene amaikamo mwana kuti aziyenda nato. Timipando timeneti sitifulumiza kuyenda, ndipo tavulaza ana ambiri powagwetsera pa masitepe ndi pa moto, kotero kuti dziko la Canada linaletsa kutigulitsa m'chaka cha 2004. Mwana amaphunzira bwino kuyenda ali wopanda nsapato pamalo osesedwa bwino.

Chachisanu ndi kumuteteza ku matenda. Malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi angathe kuwononga ubongo wa mwana amene anabadwa bwinobwino. Gonekani mwana m'neti usiku uliwonse, ndipo akatentha thupi pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Onetsetsani kuti walandira katemera yense: pobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14, pa miyezi 9, ndi wina aliyense amene a zaumoyo adzakuuzani.

LUSO LATSOPANO, NGOZI ZATSOPANO

Nthawi iliyonse mwana akaphunzira chinthu chatsopano, yang'ananinso pakhomo panu ndi maso atsopano. Mwana wodziwa kudzigudubuza asasiyidwe yekha pabedi. Mwana wokwawa amafika pa mbaula, pa mafuwa ndi pa mphika wa phala lotentha mofulumira kuposa mmene mungaganizire. Mwana woimirira chogwirira angathe kugwera chamutu mu ndowa, ndipo madzi ochepa okha ndi okwanira kumumiza; choncho vundikirani ndowa ndi migolo, ndipo tchingani zitsime ndi maenje. Mwana wotola ndi zala ziwiri amatola nyemba, mtedza, chimanga, mabatani ndi ndalama zachitsulo, zimene zingamutsamwitse. Parafini, mankhwala a mbewu, a makoswe ndi a kuchipatala zisungidwe pamwamba, ndipo musaziike m'mabotolo a zakumwa.

ZIZINDIKIRO ZOFUNIKA KUPITA NAZO KUCHIPATALA

Kuleza mtima n'kwabwino, koma kuli ndi malire ake. Pitani ndi mwana wanu kuchipatala, osadikira tsiku la sikelo, mukaona chimodzi mwa izi:

Wakwanitsa miyezi 4 koma khosi silinalimbe, kapena manja ake akadali ofumbata nthawi zonse.
Wakwanitsa miyezi 6 koma satambasula dzanja kuti agwire chinthu.
Wakwanitsa miyezi 9 koma sakhala pansi yekha.
Wakwanitsa chaka koma mukamuimiritsa saponda, miyendo imangolendewera.
Wakwanitsa miyezi 18 koma sanayambe kuyenda yekha.
Thupi lake ndi lolobodoka ngati nsanza, kapena ndi louma kotero kuti kumupinda miyendo pomusambitsa kumavuta, kapena miyendo imapingasana mukamunyamula.
Amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha asanakwanitse chaka, kapena amakoka mbali imodzi ya thupi pokwawa.
Wasiya kuchita chinthu chimene ankachita kale, monga kukhala kapena kuimirira.

Mwana amene wafooka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi aonedwe ndi a zaumoyo tsiku lomwelo, pakuti chimenechi chingathe kukhala chizindikiro cha poliyo. M'mwezi wa February 2022 boma la Malawi linalengeza kuti matendawa apezeka mwa mwana wina ku Lilongwe, patapita zaka 30 asanaonekenso m'dziko muno. Katemera ndiye chitetezo chake.

Khalani tcheru koposa ngati mwana wanu anachedwa kulira pobadwa, anabadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi kwambiri, anadwala chikasu m'masiku oyambirira, kapena anakomokapo chifukwa cha matenda. Ana otere ambiri amakula bwinobwino, koma amafunika kuwayang'anira mwapadera. Mwana wobadwa ndi mapazi opindikira m'kati apite kuchipatala m'masabata oyambirira, chifukwa mapaziwo amawongoka bwino ndi pulasitala mafupa akadali anthete.

MUSATAYE NTHAWI NDI KULOZANA ZALA

Mwana akachedwa kukhala kapena kuyenda, m'mudzi mumamveka zambiri. Ena amati ndi tsempho, ena amati walodzedwa, ena amati mayi kapena bambo sanasunge mwambo. Mau otere apasula mabanja ndipo achititsa makolo ena kubisa mwana m'nyumba chifukwa cha manyazi. Pamene akulu akukangana, miyezi ya mtengo wapatali imakhala ikupita. Zimene zimachedwetsa mwana ndi zinthu zodziwika: kusowa kwa zakudya zoyenera, kudwaladwala, kuvulala kwa ubongo pobadwa kapena chifukwa cha matenda, ndiponso zina zobadwa nazo zimene palibe kholo limene linazisankha.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Ubongo wa khanda uli ngati mtengo wanthete umene ungawongoledwe, ndipo umaphunzira njira zatsopano mosavuta m'zaka zoyambirira kusiyana ndi m'tsogolo. Ngati vuto ndi kunyentchera kapena kuchepa kwa magazi, chithandizo chilipo ndipo mwana amabwerera mwakale. Ngati vuto lili mu ubongo, a mafizo amaphunzitsa makolo kanyamulidwe, kakhazikidwe, kadyetsedwe ndi masewera olimbitsa thupi oti azichita ndi mwana kunyumba tsiku ndi tsiku. Si ana onse otere amene adzayenda, koma mwana woyamba mafizo msanga amapewa kuuma kwa mfundo za thupi, ndipo amafika patali kuposa pamene akanafika atangosiyidwa chigonere. Chipatala cha kwanu chidzakutumizani ku chipatala chachikulu cha boma lanu, kapena ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu ngati kuli kofunika.

KU SIKELO MUZIKAYANKHULA

Pitani ndi mwana ku sikelo mwezi uliwonse, mutatenga kabuku kake ka umoyo. Musangomuyezetsa kulemera n'kubwerera. Uzani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo zimene mwana wayamba kuchita mwezi umenewo ndi zimene sanayambe. A zaumoyo amamuona mwana kwa mphindi zochepa, nthawi zina akulira kapena ali m'tulo, pamene inu mumakhala naye usana ndi usiku. Ngati mtima wanu ukukuuzani kuti pali china chosalongosoka, nenani momasuka. Kuli bwino kupita n'kukauzidwa kuti mwana ali bwino, kusiyana ndi kukhala pakhomo n'kudzadziwa mochedwa. Mukaona mwana wa mnansi wanu ali ndi chimodzi mwa zizindikiro zija, lankhulani ndi makolo ake mwaulemu ndi mwachifundo, ndipo ngati n'kotheka aperekezeni.

MAFUNSO OKAMBIRANA PABANJA NDI PA GULU

1. N'chifukwa chiyani mwana amayamba kulimba khosi asanakhale pansi?
2. Mwana wa miyezi 14 akuyenda chogwirira khoma koma sanayambe kuyenda yekha. Kodi makolo ake ade nkhawa? Nanga akakwanitsa miyezi 18 asanayende, achite chiyani?
3. Mwana anabadwa kutatsala miyezi 2, ndipo tsopano ali ndi miyezi 9. Muyembekezere kuti azichita za mwana wa miyezi ingati?
4. Kodi mwana agone motani nthawi ya tulo, ndipo agonekedwe motani nthawi ya masewera?
5. Tchulani zinthu zitatu za pakhomo panu zimene muyenera kuchotsa kapena kutchinga mwana asanayambe kukwawa.

KUMBUKIRANI

Sungani pamtima manambala anayi awa: khosi lilimbe pofika miyezi 4, akhale pansi yekha pofika miyezi 9, aponde mwamphamvu pofika miyezi 12, ndipo ayende yekha pofika miyezi 18. Mwana akali m'kati mwa nyengozi, mudyetseni bwino, mutsitseni pamphasa, sewerani naye ndipo lezani mtima. Akapitirira imodzi mwa nyengozi, kapena akasiya chimene ankachita kale, nyamukani naye mupite kuchipatala.